Shawa ikungodontha: vuto ndi madzi a Water Board, mapaipi kapena shawa imene munagula?

Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, madandaulo a shawa amachuluka mu Blantyre. Kwina madzi akungodontha, kwina shawa ikuwotcha kenaka n'kuzizira mwadzidzidzi munthu ali ndi sopo kumaso, kwinanso shawa yamagetsi ikupsa isanathe n'komwe miyezi itatu. Ambiri amathamangira ku hadiweya ku Limbe kukagula mutu wa shawa watsopano kapena pampu, ndalama n'kupita, vuto lili pomwepo.

Gwero la zonsezi nthawi zambiri ndi limodzi. Shawa iliyonse inapangidwira mphamvu ya madzi yakeyake, ndipo mumzinda wamapiri ngati uno nyumba iliyonse imalandira madzi a mphamvu yosiyana ndi inzake, ngakhale zili mumsewu umodzi. Shawa ndi madziwo zikapanda kugwirizana, kudula mtengo kwa shawayo sikuthandiza.

Pulesha ndi kuchuluka kwa madzi ndi zinthu ziwiri

Mapulamba akamati pulesha amanena mphamvu imene madzi akukankha nayo mkati mwa paipi. Amaiyeza m'ma bar. Zipangizo zambiri zochokera ku South Africa zimalembedwa kPa, ndipo 100 kPa ndi 1 bar. Chofunika kusunga m'mutu ndi ichi: madzi amene ali mamita 10 pamwamba pa mpopi amakankha ndi mphamvu ya pafupifupi 1 bar. Mamita 5 ndi 0.5 bar, mamita 2 ndi 0.2 bar. Kukula kwa thanki kulibe gawo pamenepa. Thanki ya malita 500 ndi ya malita 5,000 zikakhala kuti madzi ake alekeza pamlingo umodzi, shawa imva mphamvu yofanana.

Kuchuluka kwa madzi ndi malita amene akutuluka pa mphindi imodzi. Aliyense amene anathirirapo maluwa amadziwa kuti ukatseka kukamwa kwa paipi ndi chala, madzi amathamanga n'kufika patali, koma ndowa imachedwa kudzaza. Mitu ina ya shawa imachita zomwezo: timabowo ting'onoting'ono timapangitsa madzi kubaya pakhungu, koma sitiwonjezera madzi ngakhale dontho. Shawa yosamba bwino imafuna malita 8 mpaka 12 pa mphindi. Akachepera 6, kutsukuluza sopo m'tsitsi kumayamba kuvuta.

Nyumba ikhoza kukhala ndi pulesha yabwino pamita koma madzi ochepa kubafa, chifukwa mapaipi atseka. Ikhozanso kukhala ndi pulesha yochepa koma madzi okwanira, ngati mapaipi ndi otakata ndipo njira yake ndi yaifupi. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi osiyana.

Chimene chimavutitsa Blantyre

Madzi ambiri a mzinda uno amachokera mu Shire, ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Amayeretsedwa kumeneko, kenaka mapampu amawakankha kudzera ku Chileka, kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike m'mathanki akuluakulu a mumzinda. Damu la Mudi limangothandizira gawo lochepa. Kuyambira 2019 kunabweranso madzi a mtsinje wa Likhubula ku Mulanje, amene amayeretsedwa ku Nguludi n'kumathandiza mbali ya kum'mawa kwa mzinda. Komabe gawo lalikulu limadalira mapampu, ndipo mapampuwo amadalira magetsi. Magetsi akavuta kapena paipi yaikulu ikaphulika, mathanki a mumzinda amatsika, ndipo amatenga nthawi kuti adzazenso ngakhale vutolo litakonzedwa.

Kuchokera m'mathanki amenewa madzi amatsika okha kupita m'nyumba, ndipo apa lamulo la mamita 10 lija limagwira ntchito. Nyumba imene ili mamita 60 kumunsi kwa thanki ya dera lake ikhoza kulandira 6 bar usiku. Ina yomangidwa m'mbali mwa phiri ku Soche, Ndirande, Bangwe kapena Mpingwe, imene ili mamita 10 okha kumunsi kwa thankiyo, imalandira 1 bar zinthu zikakhala bwino. Cha m'ma 5 mpaka 7 koloko m'mawa, pamene mudzi wonse watsegula mipopi, madzi amataya mphamvu yambiri pokhulana ndi mapaipi, ndipo 1 bar ija imatheratu. N'chifukwa chake akumtunda amayamba kusowa madzi ndipo amakhala omaliza kuwalandira, pamene akumunsi akudandaula zoti mapaipi akuphulika.

Yezani musanagule chilichonse

Chimafunika ndi ndowa ya malita 10 ndi wotchi ya pafoni. Ndowa ikadzaza m'masekondi 60, ndiye kuti mukulandira malita 10 pa mphindi. Ikatenga mphindi 2, ndi malita 5.

Yezani malo atatu. Yambani ndi mpopi wapanja umene uli pafupi ndi mita ya madzi. Kenaka masulani mutu wa shawa n'kuyeza madzi otuluka pa paipi yokhayo, ozizira paokha, otentha paokha. Pomaliza bwezerani mutuwo n'kuyezanso. Chitani zimenezi m'mawa, masana ndi usiku cha m'ma 10 koloko, chifukwa kuyeza kamodzi kokha kumanamiza.

Mpopi wapanja ukakhala wofooka, vuto lili pamadzi obwera kapena pamita, ndipo kusintha shawa n'kutaya ndalama. Wapanja ukakhala wamphamvu koma paipi ya kubafa ikutulutsa pang'ono, vuto lili m'mapaipi a m'nyumba kapena pa valavu. Paipi ikamatulutsa bwino koma mutu ukabwezeretsedwa madzi n'kuchepa, mutuwo watseka kapena si woyenera nyumbayo. Otentha okha akakhala ofooka, yang'anani ku giza. Pulamba wodziwa ntchito amakhala ndi geji yomangirira pampopi wapanja imene imasonyeza ma bar enieni, ndipo ndi bwino kumupempha kuti ayeze asanakulembereni mndandanda wa zogula.

Pali kuyeza kwina kumene ambiri amaiwala. Tsekani mipopi yonse, onetsetsani kuti thanki ndi chimbudzi sizikudzaza, ndiye muyang'ane mita. Ikamayendabe, paipi ikudontha penapake pansi, ndipo madzi amenewo ndi amene shawa ikuwasowa, mukuwalipiranso.

Shawa yamagetsi yotenthetsa pompopompo

Iyi ndi ija ya mutu waukulu wapulasitiki wokhala ndi mawaya, monga za Lorenzetti ndi Fame zochokera ku Brazil. Yafala m'nyumba za lendi chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo sifuna giza. Mkati mwake muli elementi, kawaya kopiringizika kamene kamatentha, ndi kampira kamene madzi akakakankha kamalumikiza magetsi. Madzi akafooka kwambiri kampirako sikakwera, ndipo shawa imatulutsa madzi ozizira ngakhale magetsi alipo. Zambiri zimayamba kugwira ntchito ndi mphamvu yochepa, ya mamita 1 kapena 2, choncho zimayenda bwino ndi thanki ya pasitandi.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti shawa imeneyi ili ndi mphamvu yotenthetsera imodzimodzi, kaya madzi achuluke kapena achepe. Ya mawati 5,500 imawonjezera madigiri pafupifupi 20 pa madzi oyenda malita 4 pa mphindi. Mukatsegula mpaka malita 8, imangowonjezera madigiri 10. Mu Okutobala zimenezi sizimveka, chifukwa madzi amabwera ofunda kale. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta mzinda, munthu amaganiza kuti shawa yawonongeka pamene ili bwinobwino: muyenera kuchepetsa madzi kuti atenthe. Pachifukwa chomwechi, kuika pampu yamphamvu pa shawa yotere kumabweretsa madzi ambiri ozizira. M'bokosi mumakhalanso kapulasitiki kobowola kochepetsera mphamvu ya madzi. Kamaikidwa ngati shawa ikulandira madzi molunjika kuchokera pamita kapena ku thanki yokwera kuposa mamita 8, ndipo ngati madzi ndi ofooka sikaikidwa. Mapulamba ena amakataya osawerenga pepala, ena amakaika paliponse.

Elementi imapsa ikayaka mulibe madzi okwanira. Madzi akabwera atasowa, m'mapaipi mumakhala mpweya, shawa imalavula madzi modukizaduka, ndipo m'kamphindi komweko elementi imatha. Choncho madzi akangobwera, zimitsani switchi ya shawa, tsegulani madzi mpaka aziyenda mosadukiza, tsekani, kenaka yatsani. Chitani chimodzimodzi mukaika elementi yatsopano.

Nkhani ya mawaya ndi ya moyo ndi imfa, ndipo ndi pamene pamachitika chinyengo chambiri. Mawati 5,500 pa magetsi athu a 230 V amakoka ma amp pafupifupi 24. Waya wa mababu wa 1.5 mm² kapena wa masoketi wa 2.5 mm² si woyenera. Shawa imafuna waya wakewake wochokera kubokosi la magetsi, wa 4 mm², kapena 6 mm² ngati mtunda ndi wautali, breaker yake ya 32 A, waya wa earth wolumikizidwa moona, ndi earth leakage ya 30 mA, kachipangizo kodula magetsi akangoyamba kudutsa m'thupi la munthu kapena m'madzi. Mawaya opotokola n'kukulunga ndi tepi pamwamba pa shawa amatentha, amasungunuka, ndipo nthunzi imawafikira. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wa zamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta. Musasinthe kabatani ka kutentha madzi akuyenda, ndipo mukamva kunyerenyetsa pogwira mpopi, zimitsani breaker, musasambenso mpaka akonze.

Giza ndi mikisa

Mikisa ndi mpopi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira asanafike kumutu wa shawa. Imagwira bwino ntchito pokhapokha mbali ziwirizo zikukankha mofanana, ndipo mavuto ambiri a m'nyumba zikuluzikulu amayambira apa.

Nyumba zina zakale zili ndi giza ya pulesha yochepa, yodzazidwa ndi kathanki ka m'denga. Madzi ake otentha amatsika mamita 1 kapena 2 okha, ndiye kuti 0.1 kapena 0.2 bar. Ngati ozizira akuchokera pamita ndi 3 kapena 4 bar, amagonjetsa otentha mkati mwa mikisa, nthawi zina mpaka kuwabweza kugiza, madzi n'kumasefukira padenga. Wosamba amavutika kupeza pakati: akapotoza pang'ono apsa, akapotozanso azizidwa. Kukonza kwake n'kutenga madzi ozizira a shawa kuchokera ku kathanki komweko kamene kakudzaza giza, kuti mbali zonse zifanane, ndi kugwiritsa ntchito paipi yotakata ya three-quarter m'malo mwa yocheperapo ya half inch.

Giza ya pulesha yaikulu, monga za Kwikot, imalandira madzi kudzera pa valavu yolembedwa 400 kPa kapena 600 kPa. Valavuyi imachepetsa mphamvu ikapyola muyezo, koma siiwonjezera: ngati pamita pali 1 bar, shawa ilandira yosaposa 1 bar. Madzi ozizira opita kushawa ayenera kutengedwa atadutsa kale pa valavuyi, osati asanafikepo. Mkati mwa valavu muli kasefa kamene kamadzaza matope madzi akabwera ofiira, ndipo shawa zambiri zimene otentha ake afooka pang'onopang'ono zimachira pongotsuka kasefa kameneka. Valavu ikamadontha pang'ono giza ikamatenthetsa, palibe cholakwika, madzi amafufuma akatentha. Ikamatuluka madzi osaleka, yatha. Musatseke kapaipi kake kotulutsira, kapena ka valavu yotetezera imene ili pagiza penipeni, chifukwa giza yotsekedwa ikhoza kuphulika.

Madzi akasowa, zimitsani giza. Ikaphwa elementi ili yoyaka, elementiyo ipsa. Pamafunikanso non-return valve, valavu yolola madzi kupita mbali imodzi yokha, kuti madzi a m'giza asabwerere kumsewu, komanso timavalavu tiwiri tolowetsa mpweya toima pamwamba pa mapaipi a giza, kuti isaphwanyike madzi akamakokedwa. Thermostat, kachipangizo koyang'anira kutentha kwa madzi a m'giza, ikhale pa madigiri 60. Kutsitsa kwambiri pofuna kusunga mayunitsi kumalola tizilombo ta Legionella, toyambitsa matenda a m'mapapo, kuswana m'madzi ofunda.

Poyerekeza ndalama: kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, pamene shawa yamagetsi ya mawati 5,500 imadya pafupifupi yunitsi imodzi pa mphindi 10. Kwa munthu mmodzi kapena awiri yamagetsi ndiyo yopulumutsa. Banja lalikulu, kapena nyumba imene magetsi amazima m'mawa, giza ili ndi ubwino wosunga madzi otentha kwa maola angapo.

Giza ya sola

Zambiri zimene zili pamadenga mu Blantyre ndi za machubu agalasi, ndipo thanki yake ndi ya pulesha yochepa, yokhala ndi kapaipi kopumira pamwamba. Siyenera kulumikizidwa molunjika ku madzi amphamvu kapena ku pampu, imang'ambika. Mphamvu ya madzi ake otentha ndi kutalika kochoka pathankiyo kufika pamutu wa shawa basi, kawirikawiri mamita 2 kapena 3, choncho vuto la kusafanana kwa otentha ndi ozizira lija limapezekanso kuno. Mu Okutobala madzi ake amafika pafupi kuwira. Paipi ya PVC siipirira kutentha kotero, pamafunika kopa kapena paipi yapulasitiki ya mtundu wa PPR yolembedwa kuti ndi ya madzi otentha, ndipo pakhomo pamene pali ana kapena okalamba ndi bwino kuika valavu yosakaniziratu madzi asanalowe m'nyumba. Giza yotere ikauma chifukwa madzi anasowa, musalole madzi ozizira kulowa masana dzuwa lili phwee: machubu opanda madzi amatentha kwambiri ndipo amasweka. Tsekani valavu yolowetsera, mudzatsegule m'mamawa kapena usiku.

Mitu ikuluikulu yogwetsa madzi ngati mvula, imene yatchuka m'nyumba zatsopano, imafuna madzi ambiri, ndipo yambiri imafuna 1 bar kapena kuposa. Mikisa zambiri zosunga kutentha pazokha zimafunanso chimodzimodzi. Pa thanki ya sitandi yaifupi, mutu wotere umangodontha pakati. Muyezo wake umalembedwa pabokosi, werengani musanalipire.

Thanki ndi pampu

Thanki imathetsa vuto la kusowa kwa madzi, koma la pulesha imalithetsa pang'ono chabe. Sitandi ya mamita 6, mutu wa shawa uli mamita 2 kuchoka pansi, zimasiya mamita 4, ndiye kuti 0.4 bar, kuwonjezerapo pang'ono thanki ikakhala yodzaza. N'zokwanira shawa yamagetsi kapena mutu wamba wa mabowo otakata, bola paipi yotuluka m'thanki ikhale ya inchi imodzi kapena kuposa, makona akhale ochepa, ndipo half inch ingoyambira pafupi ndi mpopi. Kumbukirani kulemera: malita 1,000 ndi tani imodzi, malita 5,000 ndi matani 5. Sitandi yowotcherera mwachisawawa, ya zitsulo zopyapyala ndi maziko osazama, imagwa, makamaka nthaka ikafewa nthawi ya mvula. Komanso thanki ikakwera kwambiri m'dera la madzi ofooka, madzi a pamita amalephera kukwera kukaidzaza. Kumalo otere n'kwabwino thanki ikhale pansi, pampu izikankhira m'nyumba.

Pampu ya 0.37 kW, imene m'mashopu amati ya theka la horsepower, imakwanira nyumba ya bafa limodzi kapena awiri. Ikhale ndi kabokosi koiyatsa mpopi ukatsegulidwa ndi kuizimitsa thanki ikauma. Izikoka madzi m'thanki, osati pa paipi ya Water Board. Pampu yokoka pa paipi ya mumsewu imalanda madzi a oyandikana nawo, imapsa madzi akasowa, ndipo choopsa kwambiri, imayamwa madzi akuda a m'nthaka kudzera m'malo odontha n'kuwalowetsa m'madzi akumwa. Pemphani pulamba aike paipi yolambalala pampu yokhala ndi valavu yake, kuti magetsi akazima madzi azibwerabe okha. Pampu ikamadziyatsa usiku popanda wotsegula mpopi, penapake pakudontha, ndipo kawirikawiri ndi m'thanki ya chimbudzi.

Vuto likakhala m'mapaipi

Mapaipi akale achitsulo amachita dzimbiri mkati mpaka kabowo kotsala kamachepa kuposa pensulo, kunja akuoneka abwinobwino. Chizindikiro chake ndi madzi ofiirira m'mawa, komanso madzi amene amatuluka ndi mphamvu sekondi yoyamba kenaka n'kufooka. Palibe mankhwala otsukira, pamafunika kusintha. Posintha samalani ndi miyezo: paipi ya PPR yolembedwa 20 mm ndi muyezo wakunja, mkati mwake ndi mamilimita 13 kapena 14 okha. Paipi yaikulu yodyetsa nyumba ikhale 25 mm kapena 32 mm. Wowotcherera PPR akatenthetsa kwambiri, pulasitiki imasungunukira mkati n'kutseka theka la njira pa joini iliyonse, ndipo nyumba yatsopano imakhala ndi madzi ofooka kuyambira tsiku loyamba.

Matope ndi mchenga zimene zimabwera madzi akabwerera zimatseka kasefa ka pakhosi pa mutu wa shawa. Tsegulani kaye mpopi wapanja mpaka madzi ayere musanatsegule a m'nyumba. Mutu wotseka umasuleni, muuviike mu viniga usiku wonse, mutsuke ndi mswachi wakale. Onaninso ngati valavu yaikulu ya pakhomo ndi yotsegula yonse, chifukwa mavalavu akale opotoza amathyoka mkati n'kutsala otseguka theka.

Airlock ndi mpweya wotsekeredwa pamalo okwera a paipi, ndipo imachitika thanki ikaphwa n'kudzazanso. Madzi ofooka a thanki amalephera kuukankha, mpopi umangolira. Lumikizani paipi yothirira kuchoka pampopi wa madzi a pamita kufika pampopi wovutawo, tsegulani wovutawo kenaka winayo kwa mphindi imodzi, kuti mpweya ubwerere kuthanki. Njira imeneyi ndi ya mapaipi a thanki kapena giza yokhala ndi popumira basi. Ikamabwerezabwereza, paipi inayalidwa mokwera ndi kutsika, iyenera kuwongoledwa.

Kumadera akumunsi vuto ndi losiyana. Pulesha ikapyola 5 kapena 6 bar, mapaipi amagunda mukatseka mpopi, timapaipi tofewa ta pansi pa sinki timaphulika usiku, mitu yapulasitiki imang'ambika. Valavu yochepetsera pulesha, yoikidwa pamene madzi angodutsa pamita n'kuichuna pa 3 bar, imathetsa zonsezi ndipo imachepetsanso bilu.

Mita ndi paipi yochoka mumsewu kufika pamitapo ndi za Blantyre Water Board. Ngati anansi ali ndi madzi amphamvu koma mpopi wanu wapanja ndi wofooka, mwina sefa ya pamita yatseka kapena paipi yolowera yaphwanyika, ndipo oyenera kutsegula ndi a bungweli, osati pulamba wanu. Pokadandaula tengani nambala ya akaunti ndi zimene munayeza ndi ndowa, malita angati, nthawi yanji, masiku ati. Ngati muli pa lendi, muwaonetsenso eni nyumba manambala omwewo musanagwirizane za amene alipire thanki, pampu kapena mapaipi atsopano.